Masamba Amene Anasuta Che Saidi

Phalula, Juni chaka chino

Buku lachiwiri ndinaliponya pabwalo ndisanafike n'pakati pomwe. Linagwera pafupi ndi nkhuku, nkhukuzo n'kubalalika. Mayi anu ankasankha nandolo pakhonde. Sanadzutse mutu.

"Lalakwanji limenelo?"

"Zachibwana zokhazokha."

"Si lomwe lija munkandiwerengera pansi pa mango tisanakwatirane? Munkati lina lotere kulibe."

"Ndinali mwana."

"Munali ndi ndevu."

Ndinakalitola. Ana inu mukudziwa kuti sindine munthu wa mabuku. Sukulu ndinalekezera Sitandade 8. Mabuku anga onse ndi atatu, ndipo akhala m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi zaka zoposa makumi anayi. Anandichititsa kuti ndiwatulutse ndi Tereza, mwana wanga woyamba. Anabwera kuchokera ku Balaka kumene amaphunzitsa, n'kundipeza nditakhala m'mbali mwa msewu ndikungoyang'ana malole odutsa. Anati munthu wopuma pantchito akasowa chochita amafa msanga. Anandigulira magalasi. Anandipatsanso kope ili kuti ndizilembamo za moyo wanga. Magalasiwo amafinya kuseri kwa makutu, koma zilembo zimaoneka.

Buku loyamba ndi la mnyamata wopita kutauni. Kale ndinkaliwerenga mtima uli m'mwamba. Tsopano ndinapeza kuti mnyamatayo ndi chitsiru chabe. Amubera katundu pasiteshoni, sachenjera. Amuberanso, alira. Tsamba lililonse mkulu wina amuimitsa n'kumulangiza mpaka dzuwa kupendeka, iye osamva. Ndikanakhala malume ake ndikanamubweza kumudzi patsamba lachisanu, buku n'kuthera pomwepo. Lachiwiri ndi lija ndinaponyali. Mwamuna wamkulu, wantchito yake, kulira masamba anayi chifukwa kalata ya mtsikana yachedwa. Sadya, sagona, kuntchito sapita, koma palibe womuchotsa ntchito. Ndinachita manyazi kuti mayi anu anazimva zimenezi kuchokera pakamwa panga n'kundilolabe.

Lachitatu sindinaliope. Ndi nkhani ya Sandalamu, mlonda wa nkhalango ya boma, munthu wosalandira chiphuphu, wosaseka pantchito. Tsiku lina apeza mkulu wake weniweni akudula mlombwa. Mkuluyo amuchonderera, amukumbutsa bere limene onse anayamwa. Sandalamu amumanga ndi chingwe n'kupita naye kubwalo la milandu, akuluakulu a boma n'kumugwira chanza. Buku langa limathera pamenepo, chifukwa masamba akumapeto mulibe. Ndinaliwerenganso masiku atatu. Linali lokomabe. Ndinauza Tereza pafoni kuti awiri aja akhoza kuyatsira mbaula, koma ili ndiye buku, ngakhale n'lodukira.

Kuti mumve kumene masambawo anapita, ndiyambe ndi kunyanja ya Chiuta.

Chiuta, chaka changa choyamba pantchito

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulonda wa nsomba. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anandipatsa yunifomu imodzi, chipewa chachikulu kuposa mutu wanga, ndi kachitsulo koyezera maso a ukonde. Jombo anati zikubwera. Ndinachoka ku Chiuta zisanafike. Njinga inali imodzi ya alonda atatu, ndipo inkagona kwa amene ali ndi pampu. Ntchito yake inali kuyenda m'madoko kuyeza maukonde. Kachitsulo kakalowa m'diso la ukonde, ukondewo uli bwino. Kakakana, ndiye kuti maso ndi aang'ono, akukokolola ndi tiana ta makumba tomwe, ndipo ukonde wotero tinkalanda.

Bwana wathu anali a Nkhoma, munthu wonenepa, wotopa nthawi zonse, amene ankabwera kamodzi pamwezi pa njinga yamoto. Nyumba ya alonda inali itagwa ndi mvula, choncho anandisiya kwa msodzi wina, Che Saidi. "Awa akusungani," anatero. "Musawathere nsomba." Che Saidi anali wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, Msilamu, wanthabwala, wosuta chingambwe ngati ng'anjo ya njerwa. Mkazi wake anali Abiti Yusufu, ndipo anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Asiyatu, wongoyamba kumene kuyenda. Ankanditcha Che Boni, ati Bonifasi ndi dzina lotopetsa lilime. Mwezi wa Ramadani iwo masana sankadya, koma ine Mkatolika mbale yanga ndinkaipeza yovundikira. Malungo atandigwetsa, Che Saidi anandibereka kumsana mpaka kumsewu. Ndalemba zimenezi kuti musamayese kuti ndinaiwala.

Buku la Sandalamu ndinaligula pamsika wa Balaka tsiku lonyamuka. Ndinkawerenga masamba awiri patsiku, chala pamzere, masana Che Saidi akusoka ukonde. Ndinkawerenga mokweza chifukwa chamumtima sindinkatha. Iye ankamvetsera, nthawi zina n'kutsutsa.

"Sandalamu wanuyu amadya kwa yani?"

"Sanalembe."

"Munthu wotereyu ayenera kuti amaphika yekha."

Tsiku lina ndinanyamula buku lija n'kumva kuti lapepuka. Chikuto chakumbuyo panalibe. Masamba akumapeto panalibe. Che Saidi anali pamphasa, utsi uli tolotolo.

"Che Saidi, buku langa."

"Si limenelo lili m'manja mwanulo?"

"Masamba ake."

"Mapepala a fodya anatha kugolosale, Che Boni. Ndapichira m'makoko a chimanga mpaka pakhosi pachita zilonda. Koma ndinakuganizirani. Ndayambira kumbuyo kumene simunafike, kuti ndisakusokonezeni."

"Nanga ndikafika?"

"Ndi mawerengedwe anuwo? Mukamafika ine nditakalamba, fodya nditasiya."

Anali atang'amba limodzilimodzi, masamba khumi ndi awiri. Ndinakwiya masiku awiri, buku n'kumaligonera pansi pa pilo. Nditafika pamene ladukira ndinaona kuti palibe chatayika. Wolakwa wamangidwa, wolungama wathokozedwa. Kutsogoloko ndinati kwatsala malangizo okha ndi mafunso a ana a sukulu. Ndinaliwerenga kanayi. Ndinayamba kuyenda ngati Sandalamu. Kudoko ndinasiya kuseka.

Chiuta, chaka chachitatu

Chaka chimenecho madzi anathawa. Pamene tinkakocheza mabwato panasanduka matope, ng'ombe n'kumadyapo. Nsomba zinachepa. Ukonde wa Che Saidi unali utawola, wosokedwa paliponse, ndipo katumbu anaumaliza. Anagulitsa mbuzi zake zonse, nawoloka tsidya la Mozambiki, n'kubwerako ndi ukonde watsopano. Sanauyanike pabwalo monga ankachitira. Ankausunga m'thumba. Ndinadziwa chifukwa chake. Ndinakhala sabata zitatu ndikudya nsomba zake osafunsa.

Kenako ndinalanda ukonde wa msodzi wina padoko lathu lomwelo. Mwiniwake sanalimbane nane. Anangonena mokweza kuti onse amve: "Kachitsulo kanuko n'kanzeru, a boma. Kamadziwa kumene kamagona." Anthu anaseka. Mawa lake ana omwe ankandinena. Ndinapita kukakhala pa bwato lobooka m'mawa wonse. A Nkhoma anali atatiuza kale kuti munthu ukamupeza koyamba ukhoza kumuchenjeza, kapena kulanda ukonde n'kuusunga mpaka iwo atabwera. Njira zinalipo ziwiri zimenezo. Koma ndikachenjeza, anthu akanati ndakondera. Ndikausunga, akanati ndiubweza mwakabisira, popeza tinkagona mpanda umodzi. Ndinadzifunsa kuti Sandalamu akanatani. Yankho linalipo kale m'mutu.

Che Saidi atakocheza masana, ndinamuyembekezera anthu onse ali pomwepo. Ndinatulutsa kachitsulo. Kanakana. Ndinayesa diso lina, kanakananso. Ndinaukoka ukonde uja kupita nawo pouma, ndinathira palafini wa nyali yanga, n'kuyatsa. Ukonde wonyowa suyaka msanga. Ndinachita kubwereza katatu. Palibe anaseka. Che Saidi anaima manja ali kumbuyo mpaka moto unazima. Sanachonderere. Ananena mawu amodzi okha:

"Che Boni, buku lanu lija simunalimalize."

Ndinayesa chipongwe. Tsiku lomwelo ndinasamutsa bokosi langa kupita kusukulu, kwa aphunzitsi ena. Abiti Yusufu anatuma munthu kudzandipatsa malaya anga amene anali pachingwe. Anali atawasita.

A Nkhoma atabwera anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Anakuuzani ndani kuti muwotche?"

"Lamulo, bwana."

"Lamulo limati mulande. Machesiwo ndi anu." Kenako anati, "Komabe kulikulu zoterezi amazikonda." Analemba lipoti labwino. Chaka chotsatira ndinakwezedwa kukhala kapitawo, n'kutumizidwa ku Liwonde. Che Saidi sanakhalenso ndi ukonde wakewake. Anapalasa mabwato a anzake zaka zingapo, kenako ndinamva kuti wachoka kunyanja.

Liwonde ndi kwina, zaka zotsatira

Za zaka zimenezi ndilemba m'mutu wina. Pano ndingoti ndinagwira ntchito pamtsinje wa Shire, kenako kumbali ya Chilwa, kenako ku Liwonde konkuja mpaka kupuma. Sindinalandirepo nsomba ya chiphuphu ngakhale imodzi. Asodzi ankanditcha Machesi. Ndinkalinyadira dzinalo. Alonda achinyamata ndinkawauza nkhani ya Sandalamu ndi ya ukonde wa ku Chiuta ngati phunziro limodzi. Inunso ndinakulerani nayo. Tereza akukumbuka tsiku limene ndinamutengera ndekha kwa ahedi chifukwa chobwera kunyumba ndi choko cha sukulu. Anali Sitandade 2.

Wogulitsa nsomba wina wodutsa pano pa Phalula anandiuza zaka zapitazo kuti Che Saidi ali moyo, amakhala ku Nselema kwa mwana wake. Ndinati chabwino. Sindinafunse zambiri.

Phalula, Julayi chaka chino

Tereza anabwera Loweruka ndi kaphukusi. Kusukulu kwawo ankakonza kabati yakale, mabuku odyedwa ndi chiswe akukatayidwa, ndipo anapezamo la Sandalamu lathunthu, ndi chikuto chomwe.

"Munkadandaula kuti lanu n'lodukira. Malizitsani, bambo."

"Iwe waliwerenga?"

"Ndaliwerenga m'minibasi." Sanandiyang'ane. Anapita kukathandiza mayi ake kukhitchini.

Ndinavala magalasi. Masamba khumi ndi awiri aja ndinawamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Munalibe mafunso a ana a sukulu. Mkulu wa Sandalamu apita kundende, munda wake ugonera, ana ake abalalika. Sandalamu akwezedwa. Akalamba, apuma pantchito, abwerera kumudzi. Pakhomo pake safikapo munthu. Aphika yekha. Pamapeto atenga ndodo, ayenda ulendo wa tsiku lathunthu kukafika kwa mkulu wake uja, agwada pabwalo anthu akuona, n'kupempha chikhululukiro. Wolembayo sanena kuti kudula mlombwa kunali kwabwino. Chimene anena n'chakuti Sandalamu sanamange mkulu wake pofuna kuteteza mtengo, koma pofuna kuti anthu amuone.

Ndinavula magalasi n'kuwaponya pamphasa. Ndinakwiyira wolembayo. Ngati ankafuna kunena zimenezo, analekeranji kuzinena koyambirira? Munthu umamutamanda masamba zana, mnyamata wa Sitandade 8 n'kukhulupirira, kenako umabisa cholakwa chake kumapeto kwenikweni, kumene aliyense wosowa pepala amayambira kung'amba? Mabuku awiri aja anali opusa, koma sanawotche ukonde wa munthu. Ili ndinkati ndilo lanzeru.

Mayi anu anatola magalasi, nawapukuta ndi chitenje.

"Nalonso lasanduka lachibwana?"

"Iyayi."

"Nanga?"

"Nselema ndi kutali bwanji masiku ano?"

"Kunali kufupi zaka zonsezi, bambo a Tereza."

Ndinakhala milungu itatu ndikukonza mawu okanena kwa Che Saidi. Ndi mawu ochepa. Ndinkawayeserera kumunda, kulibe anthu. 

Nselema, Ogasiti chaka chino

Ndinakwera minibasi mpaka ku Liwonde, n'kusintha ina yodzera ku Ntaja. Tinapanikizana ndi matumba a nandolo. Ndinafika masana, buku lili m'thumba la jekete. Sindinavutike kufunsa. Pamsika wa m'mbali mwa msewu mayi wina wamtali, wovala mpango, ankagulitsa matemba ouma pabenchi, ndipo kumbuyo kwake pamthunzi panakhala nkhalamba yovala kofiya, maso atayera. Ndinaidziwira manja. Ankangoyendayenda pa maondo ngati akusoka ukonde.

Ndinapereka moni. Nkhalamba ija inapendeketsa mutu.

"Nenaninso."

"Muli bwanji, Che Saidi?"

"Che Boni." Anaseka mpaka kutsokomola. "Asiyatu, awa ndi a boma aja. Bisa matemba, ndi aang'ono."

Asiyatu sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Ndi amenewa?" anatero. Anakankha ndowa yovundikira ndi phazi kuti ndikhalepo, n'kubwerera kwa ogula.

Tinafunsana za matupi. Abiti Yusufu anamwalira kalekale. Maso anayamba kuchita chifunga zaka zisanu zapitazo. Fodya anasiya, ati adokotala ndi a shehe anagwirizana pa nkhani imodzi yokhayo. Anandifunsa ana angati. Ndinamuuza. Kenako nkhani zinatha. Ndinatulutsa buku n'kuliika m'manja mwake. Analipapasa, nalitembenuza, n'kugwira kumapeto.

"Ili n'lathunthu."

"Mwana wanga walipeza."

"Pepala lake ndi lomwe lija. Losalala. Linkayaka bwino." Analinunkhiza. "Mwafika tsopano?"

"Ndafika. Ndimati ndikuuzeni mmene inathera."

"Ndikuidziwa. Anaphika yekha. Kenako anatenga ndodo."

Ndinamuyang'ana. Munthuyu zilembo zathuzi sankazidziwa.

"Ife sitiwotcha pepala tisanadziwe zimene zalembedwapo," anatero. "Mwina pali dzina la Mulungu. Tsamba lililonse mayi ake Asiyatu ankayamba andiwerengera, iwo sukulu anapitako pang'ono. Ndinayambira lomaliza, ndiye nkhani yanuyo ine ndinaimva chobwerera m'mbuyo. Ndinayamba kumuona atagwada, kenako ndikumva chimene anagwadira. Lomalizalo sindinasute, dzina linalipo. Ndinalisomeka kudenga. Chiswe chinadya."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani. Padoko."

"Musanafike padoko. Zaka ziwiri zonse zija."

"Munkalikonda, Che Boni. Mukamawerenga nkhope inkawala. Ndinkati mwana wa eni ali kutali ndi kwawo, chomusangalatsa n'chimodzi chomwechi, ndimulandirenji? Ndinkayesa ndi nthano chabe." Anapapasanso bukulo. "Nanenso ukonde uja ndinkadziwa kuti ndi wolakwika. Mukanaulanda sindikanadandaula. Palafini uja ndiye sindinamumvetse. Wa nyali yanu, amene tinkakugawirani ife."

Asiyatu anali atasiya kugulitsa. Amayi awiri ogula anaima ndi mbale zawo, akumvetsera. Wa njinga ya kabaza anatsamira chiwongolero. Malo ogwada analipo, pakati pa ndowa ndi benchi, dothi louma lokhala ndi mamba a nsomba. Ndinawayang'ana malowo. Mawu aja ndinakonza kumunda ndinkawakumbukira onse. Ndinaona kuti ndikagwada pamenepo, msika wonse undiona, ndipo mawa adzakamba za mkulu wa boma amene anagwada pa Nselema. Ndikapanda kugwada, ndabwereranji? Sindinadziwe kuti mwa ziwirizi cha Sandalamu n'chiti.

"Bambo akufunsani," anatero Asiyatu. Sindinamve kuti wafunsa.

Che Saidi anabwereza, mofatsa. "Ndati, mwabwera kudzandiwerengera buku, Che Boni, kapena pali china?"

Anatambasula dzanja kundibwezera buku lija. Sindinalilandire. Ndinagwira dzanjalo ndi manja anga onse awiri, n'kulibwezera pa maondo pake pamodzi ndi bukulo. Dzanjalo linali lopepuka, lolimba m'zala mmene munkadutsa chingwe. Ndinaligwira nthawi yaitali kuposa mmene mwamuna amagwirira dzanja la mnzake. Iye anadikira. Asiyatu anadikira.

Ndinaimirira. Ndinaikonza ndowa ija pamalo pake.

"Che Boni," anaitana.

Minibasi ya ku Liwonde inali patsidya pa msewu, kondakitala akumenya chitseko. Ndinaipitirira. Ndinayenda wapansi kulowera ku Ntaja, chipewa chili m'manja.